Mtengo wa botolo wakweranso: ife a mabala ku Mzuzu titani?

NyaGondwe, Chiputula:
Monire mose, abale a pagulu pano. Ndikulemba mtima ukuwawa, ndiye ndikachulutsa mawu mundikhululukire.

Lachiwiri ndinapita kokaoda mowa ndi ndalama yomwe ndimatengera makreti 12. Ndinabwerako ndi 9. Bambo amene ndimaodako anangoti katundu wafika ndi mtengo watsopano, iwonso alibe chochita. Madzulo ake ndinatenga kansanza konyowa, ndinafufuta mitengo pa bolodi n'kulemba ina. Bolodi isanaume n'komwe analowa kasitomala wanga wakalekale, bambo amene anayamba kumwa pa ine ndili ndi fuliji imodzi ndi mabenchi awiri. Anaima pakhomo, anawerenga, ndiye akuti, "Amama, nanunso mwayamba kutibera?" Sanakhale pansi. Mpaka lero mawu amenewo akundilira m'khutu.

Bala imeneyi ndakhala nayo zaka 11, ana anga atatu aphunzirira momwemu. Sindinaberepo munthu. Mu kreti mumakhala mabotolo 20, ndipo ndikachotsa lendi, magetsi, mlonda, atsikana awiri operekera mowa ndi chiphaso cha khonsolo, changa chenicheni chimakhala pa mabotolo awiri kapena atatu omaliza. Awiri akasweka panjira ndiye kuti kreti imeneyo ndangoinyamulira ena.

Eni mabala anzanga, mukupanga bwanji? Ndipo inu akumwa, tiuzeni chilungamo, mukupita kuti? Chifukwa zoti mwasiya, ine sindikukhulupirira.

Wa kabaza, Zolozolo:
Amama, poti mwati chilungamo, ndinena. Sitinasiye. Kale ndikaimika njinga madzulo ndinkafika pa bala, Green ziwiri kapena zitatu, kenako kunyumba. Pano ndalama ya Green imodzi ndikagula nayo midoli pa okala, mutu wazungulira kale. Anzanga ambiri amayambira kwa amayi a kachasu, akamafika kwa inu ndi oti akhuta, amangogula botolo limodzi loonerera mpira n'kuligwira mpaka mphindi 90 zitatha. Sikuti timadana nanu ayi. Thumba ndi lomwe lakana.

NyaGondwe, Chiputula:
Ndimawaona, mwana wanga. Botolo limachita kufunda m'manja. Koma kanemayo ndimalipira ine mwezi ndi mwezi, ndipo magetsi akathima jenereta imamwa petulo wanga.

Kalaliki wopuma, Katoto:
Mayi NyaGondwe, pepani ndi zomwe anakunenani bambo aja. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama zaka zambiri, ndiloleni ndifotokoze mmene ndimaonera botolo limene mumaika pa tebulo, mwina ena asiya kukulozani chala.

Mowa wa m'mabotolo umene timamwa kuno umafululidwa ku Blantyre. Koma ngakhale timati ndi wa m'dziko muno, chimera chake cha barley ndi hops zimachokera kunja, chimodzimodzi zipangizo za makina. Zonsezo amagula ndi madola. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700 usiku umodzi. Ndipo tonse tikudziwa kuti ku banki dolayo sipezeka mosavuta, munthu amadikira, ena amakaigula kumbali pa mtengo wokwera kwambiri. Pamwamba pake pali msonkho wa excise, umene boma limaika pa mowa ndi fodya, kenako VAT. Woyamba kudya pa botolo ndi wogulitsa chimera kunja, wachiwiri ndi boma, wachitatu fakitale, wachinayi wonyamula, wachisanu wopikulitsa. Mwini bala amabwera kumapeto kwenikweni, koma ndi yekhayo amene wakumwa amamuona nkhope. N'chifukwa chake mkwiyo wonse umathera pa inu.

Dalaivala wa thiraki, Luwinga:
Akulu mwanena zoona, ndipo pa wonyamulayo ndithirepo ndemanga poti ndi ntchito yanga. Kuchoka ku Blantyre kufika kuno ndi makilomita opitirira 600, kudutsa Lilongwe, Kasungu, Jenda, kukwera Chikangawa. Thiraki yodzaza makreti pa zitunda za ku Chikangawa imayenda ngati ikukwawa, dizilo akungotha. Nthawi ya chifunga umayenda osaona kutsogolo. Ndiye kumbukirani kuti mowa suli ngati sopo amene ukatula wathana naye. Makreti ndi mabotolo opanda kanthu ayenera kubwerera kummwera, ulendo wachiwiri umenewo. Nthawi imene mafuta ankasowa ndinagonapo masiku atatu pa mzere ku Kasungu, katundu ali kumsana. Amene ankadikira kuno ankangomva kuti mowa wasowa, ndipo ukasowa mtengo umadzikwera wokha m'manja mwa amene ali nawo. A ku Karonga ndi Chitipa ndiye zawo n'zoposa zathu, poti pali zitunda za Chiweta.

Aphunzitsi, Mchengautuwa:
Zonsezo ndamva, koma ndisakunamizeni, eni mabala simuli oyera nonse. Mtengo ukakwera Lolemba, makreti amene munagula sabata yatha pa mtengo wakale mumawagulitsa pa mtengo watsopano tsiku lomwelo. Kwacha yagwera liti pa katundu amene ali kale m'sitolo mwanu? Chinanso, kampani imalengeza mtengo woyenera kugulitsira, koma m'tauni muno bala iliyonse ili ndi wakewake. Botolo lomwelo ku Chibavi mtengo wina, ku Old Town wina, kukafika ku malo a nyimbo usiku wa Lachisanu ndiye pafupifupi kuwirikiza. Ife malipiro athu sasuntha msanga. Inenso ndili ndi ana.

NyaGondwe, Chiputula:
Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino ndipo sindilizemba. Tiyerekeze ndili ndi makreti 5 akale. Ndikawagulitsa pa mtengo wakale, ndalama imene ndapeza ikagula makreti 4 atsopano. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Mpamba umatha choncho, osaba munthu, osadwala, ukungoona fuliji ikuchepa. Ndinachitapo zimenezo mu 2023 pofuna kusangalatsa makasitomala, ndinatha sabata ziwiri ndikugulitsa pa mtengo wakale. Pofika Khirisimasi fuliji yachiwiri ndinaizimitsa chifukwa munalibe choikamo, ndipo ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndiyambirenso. Amene ndinawachitira chifundo aja palibe anabwera kudzandifunsa kuti zikuyenda bwanji.

Za mtengo wolengezedwawo, umakhala wa botolo basi. Suwerengera kuti ine ndalipira mnyamata wa ngolo wondibweretsera makreti, suwerengera kuzizira kwa mowawo, mpando, chimbudzi chaukhondo ndi mlonda woyang'anira njinga yanu panja.

Mwini bala, Luwinga:
Achemwali NyaGondwe ayankha bwino, koma Aphunzitsi asachoke ngati anama. Alipo anzathu, makamaka ena opikulitsa, amene akamva mphekesera yoti mtengo ukwera amatseka sitolo n'kumati katundu watha. Ineyo ndinapitapo kwa wina Lachinayi, anandiuza kuti alibe ngakhale kreti imodzi, chonsecho chitseko cha kuseri chinali chotsekula pang'ono ndipo makreti ndinkawaona ataunjikana mpaka kudenga. Lolemba lake katundu "anafika", mtengo uli wina. Khalidwe limenelo limatipweteka ife ang'onoang'ono kuposa wakumwa, chifukwa Loweruka lonse ndinagulitsa zoziziritsa kukhosi zokha. Kubisa katundu n'koletsedwa, ndipo bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, lilipo lolandira madandaulo otere, koma ambirife timaopa kudandaula poti mawa tidzafunanso kukaoda kwa munthu yemweyo.

Aphunzitsi, Mchengautuwa:
Achimwene, zikomo povomera. Mayi NyaGondwe, za mpamba zija ndazimvetsa, sindinkaziganiza choncho. Koma mfundo yanga ya malipiro ikadalipo.

Madala a ku Katawa:
Ana anga, ndiloleni nanenso. Fakitale ya Carlsberg ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, nthawi ya Kamuzu, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Tinkanyadira nazo zimenezo. Ine ndinayamba ntchito kuno Mzuzu isanakhale mzinda, poti inakhala mzinda mu 1985, ndipo munthu wa ntchito ya boma ankatha kugulira anzake raundi pa mapeto a mwezi osamva kuwawa. Mu 2016 Carlsberg inagulitsa gawo lake lalikulu kwa Castel, kampani ya ku France, ndiye dzina linasintha, ngakhale Green ikufululidwabe. Chimene sichinasinthe kuyambira 1968 ndi chakuti wofulula mowa wa m'mabotolo wamkulu ndi mmodzi. Green, Special, Chill, Kuche Kuche, mayina ambiri koma khomo limodzi. Ukakwiya ndi mtengo wa uwu n'kusankha uwo, ndalama yako yapita kumodzimodzi. Ku msika wa Zigwagwa mayi wa tomato akakweza umapita kwa mnzake wa pambali. Pa mowa wa m'botolo wa pambaliyo kulibe, kupatula wochokera kunja umene ndi wodula kuposa. Sindikunena kuti kampaniyo ikulakwa, ndalama zakunja zikuivuta ngati wina aliyense. Ndikunena kuti dziko lokhala ndi chitsime chimodzi limamwa pa mtengo umene lauzidwa.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Raundi inatha. Kale tikakhala anthu asanu, aliyense ankaponya yake, ndipo pa raundi imeneyo ndi pamene tinkamva kuti mwana wa uje wadwala, uje akufuna ntchito, maliro a kwa uje tisonkhe zingati. Lero aliyense amagula lake n'kulibisa pansi pa mpando.

Mayi wa Umanyano, Chibavi:
Ine mundikhululukire, ndilankhula zosiyana ndi nonse. Ukwere, ukwerenso. Ndakhala m'banja zaka 19 ndi bambo amene malipiro ake ankathera ku bala tsiku lolandira. Ndagonekapo ana ndi phala lopanda shuga iye akugulira anthu raundi imene madala akuilirayo. Mukamadandaula kuti mabala akutha makasitomala, kumbukiraninso nyumba zimene ndalamazo zinkachokera. Mayi NyaGondwe, sindikudana nanu, ndinu mayi mnzanga ndipo mukufuna kudyetsa ana. Koma ine misozi ya mowa ndaidziwa kumbali inayo.

NyaGondwe, Chiputula:
Amama, palibe chimene ndingakutsutseni pa zimene mwadutsamo. Ndikufunseni mwaulemu, mowa utakwera chonchi, bambo kunyumbako asiya?

Mayi wa Umanyano, Chibavi:
Sanasiye. Pano amamwa kachasu. Amabwera msanga kusiyana ndi kale, koma amabwera osadziwa dzina lake. Chakudya sadya.

Namwino, Area 1B:
Amama a ku Chibavi, yankho lanulo ndi limene ine ndimaliona ku ntchito, ndipo ndikupempha tonse tilimve bwino. Mtengo wokwera umathandiza pamene munthu alibe kwina kothawira. Kuno kothawira kuli paliponse, ndipo n'kotchipa. Mowa wa m'botolo mphamvu yake imakhala pafupifupi 5 peresenti ndipo yalembedwa. Timabotolo ta mowa waukali timafika cha m'ma 40. Kachasu palibe amene amamuyeza, lero ali chonchi mawa ali mwina, ndipo ena osaopa Mulungu amathiramo zinthu kuti alume msanga. Mu 2024 ku Blantyre anthu anamwalira atamwa mowa umene unkatchedwa "ambuye n'tengeni". Boma linaletsa masacheti zaka zapitazo pofuna kuteteza achinyamata, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki.

Ndimalandira anyamata a zaka za m'ma 20, mapazi otupa, maso achikasu, manja akunjenjemera m'mawa. Ukawafunsa amati amamwa "pang'ono". Nyengo ya June ndi July kuno kukazizira ndiye zimanyanya, amati akufuna kutenthetsa thupi, pamene mowa waukali umachititsa thupi kutaya kutentha. Munthu akagona panja usiku wa ku Mzuzu ataledzera choncho, m'mawa amamutola ali gwa.

Sindikuuza munthu kuti azimwa. Osamwa ndiye wachita bwino koposa. Koma pa bala ya chiphaso pali nthawi yotsekera, pali mwini wake wotha kunena kuti bambo mwakwana pitani, ndipo mwana wa sukulu amabwezedwa. Kuseri kwa nyumba kulibe amene amabweza munthu.

Mayi wa Umanyano, Chibavi:
Anamwino, mawu anu andilasa. Maso achikasuwo ndayamba kuwaona. Ndikufunseni kumbali kuti ndingamutengere kuti.

Namwino, Area 1B:
Ndilembereni amama, usiku uno ndili kunyumba. Musachedwe nazo.

Wa chiwaya, Chiputula:
Ine sindimwa, koma ndimadya kuchokera pa bala ya amama NyaGondwe. Chiwaya changa chili panja pa khomo lawo zaka 6. Kale Loweruka ndinkapha mbuzi yathunthu, pofika 10 koloko usiku yatha, mang'ina atha, tchipisi chatha. Pano ndimagula mwendo umodzi, wina umatsala. Munthu amene wawerengera ndalama ya botolo limodzi sangagule kanyenya. Mnyamata amene ankandisendera mbatata ndinamuuza kuti adikire kaye kunyumba. Mayi amene amandigulitsa mbatata akundifunsa chimene andilakwira. Bala ikatsekedwa sikuti watseka ndi munthu mmodzi.

Mnyamata wa ku Mzuni:
Bwanji osangogulitsa wa ku Tanzania? Safari, Kilimanjaro, Serengeti, Konyagi, zonsezi zimapezeka mukafunsa bwino. Chipata cha Songwe chili pafupi kuposa Blantyre. Ife a kumpoto tizivutikiranji ndi katundu wochokera kutali pamene wapafupi alipo?

Mwini bala, Luwinga:
Mphwanga, pa mapu ukunena zoona, koma pa malamulo nkhani ndi ina. Wolowa bwinobwino pa chipata, atalipira msonkho wonse, akafika kuno satchipa, ndipo umafunika mashilingi kapena madola kuti ukagule. Wotchipa amene ukumunenayo ndi wodutsa njira zamadulira, pa mtsinje usiku. A MRA, otolera misonkho, anayambitsa zomata za msonkho zija amati Kalondola, ndipo akakupeza ndi mowa wozembetsa amalanda katundu yense, chindapusa pamwamba. Ine ndili ndi chiphaso chokhala ndi dzina langa, bala ili pamsewu, sindingathawe. Amene amagulitsa wozembetsa alibe chikwangwani, amagulitsira m'chipinda. Ndiye taona mmene zilili: amene amalipira msonkho ndi chiphaso ndi amene akutha makasitomala, amene salipira kanthu ndi amene akudzaza.

Kalaliki wopuma, Katoto:
Pamenepo ndi pamene ndimafuna a ku Capital Hill atamva. Msonkho ukakwera kwambiri pa botolo, anthu amasamukira kumene boma silitolera ngakhale tambala, kenako boma lomwelo limakalipira mankhwala ku chipatala. Nthawi yokonza bajeti unduna wa zachuma umayenda m'zigawo kumva maganizo a anthu, ndipo kuno ku Mzuzu amabwera. Ndapitako kangapo. Ndimaona a mabungwe, a mipingo, a mabizinesi akuluakulu. Mwini bala wa ku Chiputula kapena Masasa sindinamuonepo ataimirira kunena zimene zanenedwa pano.

Wa thaveni, Ching'ambo:
Musaganize kuti ife a Chibuku tikukondwa. Inde, ena amene anasiya botolo abwera kwa ife, ndimaona nkhope zatsopano, ena ovala mataye amakhala pakona kuti asaonedwe. Koma mowa wathu ndi chimanga. Chilala cha 2024 chija, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chimanga chinakwera ndipo pakiti nayo inakwera. Makasitomala anga akale, aganyu ndi onyamula katundu mu msika, ndi amene anatsikira ku kachasu. Zili ngati masitepe: wa Green watsikira kwa ine, wanga watsikira kuseri. Komanso wathu sachedwa kusasa, ukapanda kugulitsa masiku ochepa wataya.

Wa kabaza, Zolozolo:
Anamwino, zija mwanena za maso ndi manja zandiopsa. Mnzanga wina pa siteji pathu amayamba ndi kabotolo 6 koloko m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, kenako amanyamula anthu. Timangomuyang'ana. Mawa ndilankhula ndi tcheyamani wathu.

Aphunzitsi, Mchengautuwa:
Ineyo pempho langa kwa eni mabala ndi laling'ono. Lembani mitengo poonekera, ndipo ikakwera tiuzeni chifukwa, ngakhale kutionetsa lisiti la kooda. Munthu akaona ndi maso ake kuti nanunso mwagula modula, mawu ngati aja anakunenani bambo aja sangatuluke. Chimene chimatipweteka ndi kumva mtengo wina kwa woperekera mowa botolo litatsekulidwa kale.

NyaGondwe, Chiputula:
Aphunzitsi, limenelo ndalitenga. Lisiti la Lachiwiri ndilimata pambali pa bolodi lero lomwe, aliyense awerenge yekha.

Koma ndikuuzeni chimene chandisowetsa tulo sabata ino. Atsikana anga awiri aja, mmodzi ali ndi mwana wa miyezi 8, winayo amalipirira mng'ono wake ku sekondale. Ndawerengera kawiri katatu, malonda a pano sangalipire onse awiri. Dzulo ndinawaitana kuti ndiwauze, ndinangowayang'ana n'kuwatuma kukatsuka matambula. Ndaganiza zoti azisinthana masiku, aliyense alandire theka, kusiyana n'kuti wina apite. Sindikudziwa ngati theka limenelo lingamufikitse munthu kumapeto a mwezi.

Mwini bala, Luwinga:
Achemwali, musanawauze dikirani sabata imodzi. Ndili ndi ganizo limene ndakhala nalo kalekale. Ife ang'onoang'ono timaoda aliyense payekha, makreti 8, makreti 10, aliyense kulipira ngolo yake, ndipo wopikulitsa amationa ngati opempha. Titaphatikizana anthu 10 kapena 12, kusonkha ndalama, kuoda kamodzi ndi galimoto imodzi, mtengo wonyamulira ungatsike ndipo tingalankhule ndi mawu amodzi katundu akamabisidwa. Mutu umodzi susenza denga. Kalata ya ku CFTC ikakhala ndi mayina 12 palibe amene angamusale yekha. Ndipo akulu a ku Katoto atithandize kulemba zoti tikanene anthu a bajeti akadzabwera.

Dalaivala wa thiraki, Luwinga:
Mlamu wanga ali ndi kagalimoto ka matani awiri, m'mawa kamangokhala. Ndimufunsa mtengo wozungulira Luwinga, Chiputula, Chibavi ndi Zolozolo ulendo umodzi.

Kalaliki wopuma, Katoto:
Ndilipo, ndipo sindilipiritsa. Koma aliyense abwere ndi kabuku kake ka kooda ka miyezi 6 yapitayi, ndi malisiti ngati alipo. Ndikufuna tione manambala enieni, osati a pamtima. Ndalama zosonkha zisadzasungidwe ndi munthu mmodzi, tidzasankhe atatu osayinira.

Wa thaveni, Ching'ambo:
Ife a thaveni tikuloledwa?

NyaGondwe, Chiputula:
Bwerani adada, nkhani ya chiphaso ndi magetsi ndi yathu tonse. Tikumane kwanga Lolemba 10 koloko m'mawa, bala imakhala isanatsekulidwe, mipando ilipo yokwana. Amene simukudziwa malo mundilembere kumbali ndikulozereni. Atsikana aja ndiwauza kuti tidikire mpaka tione za Lolemba. Achimwene a ku Luwinga, mudzabwere ndi mayina a ena amene mukuwadziwa ku Masasa ndi Chibanja, ine kumeneko ndilibe nambala ya aliyense.